Chikho cha Thobwa ndi Dzanja Lamanzere

Loweruka lapitali ndinalandira alendo, ndipo bwenzi zili bwino ndikanagona ndi malungo tsiku limenelo.

Enelesi, mwana wa mlongo wanga, anali atandiuza kuti kukubwera mnyamata wa ku Kaomba, dzina lake Yohane, pamodzi ndi atsibweni ake, kudzafunsira mbeta. Poti mwini mbumba ndine, mawu omaliza anali anga. Ndinasamba m'mamawa ngakhale kunkazizira, ndinavala magalasi aja ndinagula kusitolo kwa a Saidi, amene ndikawavala zilembo zimasambira, n'kukhala pansi pa mango, nyuzipepala ili pamwendo. Inali ya chaka chatha, koma akanadziwa ndani? Wowerenga m'mudzi muno ndine ndekha, ineyo amene ndinaphunzirira pa zilembo za pamatumba.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Mnyamatayo ndi wamtali, wofatsa, ndipo anali atakoleka pamapewa chikhoti chachikulu, cha mtundu uja anabwera nawo anthu ochokera kunkhondo. Mlongo wanga anatulutsa thobwa. Ndinatunga ndekha n'kumupatsira mnyamatayo chikho. Iye anagwada bondo limodzi, n'kutambasula dzanja lamanzere. Limodzi lokha.

Inu owerenga mukudziwa mmene tinaleredwera. Cha kwa wamkulu umalandira ndi manja awiri, kapena ndi lamanja, linalo litagwira pachigongono. Lamanzere lili ndi ntchito zake zosatchula pagulu. Mtima unandipsa. Ndinavula magalasi pang'onopang'ono, monga amachitira aphunzitsi a kumishoni, n'kutsokomola.

"Kodi bambo, dzanja linalo mwalisiya ku Kaomba?"

Ndinkayesa anthu aseka. Palibe anaseka. Atsibweni ake anayang'ana pansi.

Yohane anaika chikho pamphasa osataya ngakhale dontho. Anagwedeza phewa, chikhoti chija n'kugwera kumbuyo. Mkono wa malaya wakumanja unali wopindidwa n'kusokedwa paphewa pomwepo.

"Sindinalisiye, atate," anatero, mawu ali pansi. "Sindinabwere nalo."

"Anabadwa choncho," anawonjezera atsibweni ake. "Ife timayesa mwana wanu anakuuzani."

Thobwa silinamwedwe. Za mbeta sizinatchulidwe. Potsazika, Yohane anadzigunda pachifuwa katatu, poti ndiko kuomba m'manja kwake, n'kutola chikhoti chake. Anandichitira ulemu mpaka pomaliza, ine wophunzitsa ulemu.

Atapita ndinaitana Enelesi.

"Iwe, bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuzani, atsibweni, mukanamulola kufika pakhomo pano? Ndinkafuna muyambe mwamva mmene amayankhulira."

Mwanayu amatidziwa.

Nanga si zoona? Mwana akabadwa wopanda mkono kapena mwendo, ife sitifunsa ngati akuyamwa bwino. Timafunsa kuti walakwa ndani. Mayi anadya chiyani ali woyembekezera? Bambo anayenda kuti? Anawalodza ndani? Mwanayo amakulira kuseri kwa nyumba, ndipo alendo akaoneka patali amamutuma kudimba. Akakula timamuyeza ndi khasu. Mlongo wanga yemwe, misozi ili m'maso chifukwa cha manyazi amene ndinawachititsa, anandinong'oneza kuti, "Komabe achimwene, mkamwini wotere adzatilimira bwanji?"

Lolemba ndinapita kusitolo kukagula palafini. A Saidi amapalasa njinga mpaka ku Kaomba kukagulitsa mchere ndi sopo, ndiye nkhani inali itawapeza kale.

"Aphunzitsi," anatero, poti amanditcha choncho akafuna kundiseka, "mwathamangitsa munthu amene chigafa chake chadzaza fodya chaka chino. Chanu chija n'chodzaza?"

Ndinati za chigafa changa tizisiye.

"Amasoka fodya chingwe atachiluma ndi mano, ndipo simungampeze. Khasu lake analifupikitsa mpini."

"Nanga amadzibisiranji m'chikhoti chija?"

"Amavala akamapita kwa anthu osamudziwa, kuti ayambe amva moni wake asanayambe kumuwerenga ziwalo."

Apo m'pamene panandiwawa. Chikhoti chija tinamuveka ndife, ndi maso athu ndi manong'onong'o athu. Ndiye ine n'kudzamulanga chifukwa chochivala. Ndimatha kukangana za ndale za Chitaganya mpaka malovu kuuma, ndimawerengera anthu makalata ochokera ku Halale, koma sindinadzifunse funso lapafupi: munthu wogwada chonchi angakhale wamwano?

Ulemu wa manja awiri sindikuunyoza ayi, ndipo adzukulu anga ndiziwaphunzitsabe. Koma mwambowo unapangidwa kuti mtima uoneke. Ine ndinawerenga manja, mtima uli poyera pamaso panga.

Lachitatu kunabwera uthenga wochokera kwa atsibweni a Yohane. Akuti sakwiya, koma sangapereke mwana wawo kukakhala chikamwini pamudzi umene mwini mbumba ndiye woyamba kumuseka. Enelesi anamva ali pamtondo. Anangopitiriza kusinja.

Ndinachita chimene ndimadziwa: ndinalemba kalata yopepesa. Ndinailemba katatu, ndi mawu osankha, ena mwa iwo sindinawagwiritsepo ntchito chibadwire. Ndinamuwerengera Enelesi ndili ndi kakunyada ndithu.

"Yakoma, atsibweni," anatero. "Koma pomunyoza paja munachita kulemba? Munanena ndi pakamwa, anthu akumva."

Choncho mawa ndilawirira wapansi kupita ku Kaomba, kukagwada pabwalo lawo, anthu akwawo akumva. Kaya andilandira, kaya andipatsa mpando n'kundiperekeza mwaulemu wopanda yankho, sindidziwa. Yohane akakana, mlandu sindidzamupeza nawo.

Koma pobwera, Enelesi akadzandichingamira kunjira, ndidzamuuza chiyani? Kuti banja lake linathera pa nthabwala ya atsibweni ake?