Nkhani zanga si zaulere, Mai Tendai

Mai Tendai a pa takishopu, ndikulemba pa gulu lathu la pafoni lomweli kuti komboni yonse ione. Mwandibera nkhani.

Ine maso anga sapuma. Ndikakhala pakhomo ndimaona zonse: thirakitala yalowera kuti, yanyamula chiyani, wakwera ndani. Lachiwiri ndinaona folomani wa pulazi ya kutsidya akutsitsa masaka opanda kanthu. Masaka opanda kanthu ndiye kuti mbatatesi zakhwima, maricho, ganyu wokumba uja, ayandikira. Nkhani yotere ndimauza amayi anayi okha, pachitsime, monong'ona. Iwo akalembedwa ntchito amandipatsa kapu ya shuga. Ndi mmene takhalira kuno ku Selous.

Ndinabwera kudzatchajitsa foni kwa inu. Munandipatsa mpando. Mpando! Inu amene ngakhale moni mumachita kuumira. Ndikanadziwira pomwepo. Munati, "Gogo, kutsidyako kuli bwanji?" Pakamwa panga panangotseguka pang'ono.

Ndisanafike n'komwe pachitsime, nkhani inali m'mafoni onse. Kutacha, kumunda kunali anthu ngati pamaliro a munthu wolemera. Ena anachita kukwera kombi kuchokera ku Chegutu! Amayi anga anayi anabwezedwa. Shuga, zii.

Tsono ndinamva pa wailesi kuti kumaiko ena kwabwera lamulo loti eni masamba a mchezo azilipira amene atola nkhani. Ndinavala nsalu yanga ya kutchalitchi n'kubwerera kwa inu kudzatenga zanga.

Munaseka mpaka kugwira kauntala. Akuti lamulolo ndi la kunja. Akuti ndi la atolankhani. Nanga ine ndimatola chiyani, nkhuni? Akuti ndikadandaule kwa eni ake a zapafonizi. Ndinafunsa kuti amakhala pulazi iti. Akuti ku Amerika. Ndiye ndikwere kombi yake iti? Kenako munanditambasulira siwiti imodzi, yomatirira kupepala. Ndinalandira, koma ngati umboni.

Anzanga, mukamatchajitsa pamenepo, siyani foni yokha. Pakamwa muzibwerera napo kunyumba. Ndipo foniyo muziikulunga m'kansalu, sitikudziwa kuti imamva zingati.

Inu Mai Tendai, dzulo masana ndinaona njinga ya amuna anu itatsamira pakhomo lina. Si la abusa. Imeneyo pa gulu sindiika. Mukafuna kudziwa khomo lake bwerani kwathu, ndipo musabwere chimanjamanja. Fulumirani, chifukwa apongozi anu afunsa kale mtengo.