Ndinkaopa kufera kutsidya kwa malire

Chizindikiro choyamba chinali kadontho kakuda pamwendo wakumanzere. Ndinakaona m'nyengo yozizira ndikusamba kuti ndikaswali kumzikiti, koma sindinakalabadire. Munthu wopalasa njinga ya nsomba kuchoka kunyanja ya Amaramba mpaka kumsika wa ku Insaca sasowa zipsera.

Pofika nyengo yotentha timadontho tinachuluka, mwendo unatupa n'kuuma ngati chipika, ndipo njinga ndinaisiya. Kuchipatala anandipeza ndi kachilombo n'kundiyambitsa ma ARV. Namwino anati za pamwendozo ndi khansa ya pakhungu, yofunika chipatala chachikulu. Chachikulu cha kuno chili kutali, ndipo anthu ambiri a dera lathu amangowolokera ku Malawi kudzera pachipata cha malire cha Entre Lagos.

Ine ndinakanitsitsa. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi komweko, ndipo bambo anga anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo. Ife Asilamu sitigoneka maliro, choncho anaikidwa tsiku lomwelo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, iwo n'kutsala. Nditapitako patapita zaka, pamalo paja ndinapeza munda wa chimanga. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti ine ndidzafera kwathu.

Mvula itayamba, zilonda zinaphulika n'kuyamba kununkha. Ululu wake unkandiliza pamaso pa ana, ine munthu wosakonda kuonetsa misozi. Tsiku lina mkazi wanga, Abiti Juma, anatopa nane.

"Bambo a Jafali, inu mukusankha manda, ife tikufuna munthu. Mawa tikwera chapa, minibasi yopita kumalire."

Ndinawoloka malire mtima uli m'mwamba. Kuchipatala kuja tinalawirira pamzere, kukwera sikelo, kenako kudikira pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Dokotala atauona mwendo, ananditumiza kuchipinda cha chisamaliro chochepetsa ululu. Bambo wina amene ndinakhala naye pabenchi anandinong'oneza kuti kumeneko kumapita anthu amene madokotala awalephera. Ndikanakhala ndi miyendo yabwino ndikanathawa.

Namwino wa m'chipindamo, mayi wachikulire, anandifunsa za ululu, za tulo ndi za kudya. Kenako anaika cholembera pansi n'kufunsa chimene ndinkaopa kwambiri. Ndinamuuza za bambo anga. Sanaseke.

"Bambo, sitikugonekani kuno," anatero. "Muzibwera n'kumabwerera. Tikadzaona kuti mankhwala akanika, ndidzakuuzani ndi pakamwa panga nthawi ikadalipo, kuti mukakhale ndi abale anu."

Lonjezo limenelo ndi limene linandikhazika pansi. Anandipatsa mofini wamadzi wopha ululu, n'kuphunzitsa mkazi wanga kutsuka zilonda kuti fungo lithe. Ululu utachepa ndinayamba kudya, ndipo thupi litabwerako anandiyambitsa mankhwala a khansa a m'diripi. Ankandisanzitsa ndi kundifoola. Ulendo uliwonse, namwino uja akauyang'ana mwendo nthawi yaitali, ndinkaganiza kuti lero andiuza mawu aja amene anandilonjeza. Mvula inatha, tinakolola, osandiuza. Nyengo yozizira itabweranso, kutupa kunaphwa ndipo zilonda zinauma.

Lero mwendo uli ndi zipsera zakuda ndipo umalemera ndikayenda mtunda wautali. Mofini ndinasiya kale. Ma ARV ndimalandira konkuno, ndipo nsomba ndinayambiranso, ngakhale dengu ndi laling'ono. Dokotala anandiuza mosabisa kuti ndikanabwera timadontho tikadali tochepa, sindikanavutika chonchi.

Abale anga amene tinabwerera limodzi, ambiri tinasiya athu kutsidyako, ndipo mantha amenewa ndikuwadziwa. Koma mukaona chachilendo pathupi, pitani msanga kulikonse kumene thandizo lili, ndipo kuchipinda chochepetsa ululu musakuope. Ine ndinalimbikira kuti ndikaikidwe kwathu, ndipo ndinatsala pang'ono kuikidwadi, ana anga asanakule.