Kapoto Kanga ka Tiyi ndi Ngolo Yankhondo

Abambo a kunyumba atasiya ntchito yowotcherera zitsulo ku Matero, manja awo anakana kukhala phee. Mkamwini wathu anawaonetsa pa foni chithunzi cha ngolo yankhondo yamakedzana: kanyumba kachitsulo kozungulira, mzinga utasuzumira pakazenera, akavalo akukoka. Basi, mtima unagwera pomwepo. Akuti apange kakang'ono koika pa kabati.

Mawilo anadula ku zitini za mkaka, mzinga n'kukhala kapaipi ka pampu ya njinga. Akavalo anapinda ndi waya, n'kuwaika goli pakhosi ngati ng'ombe za kwathu ku Katete, poti kavalo wokoka ngolo anali asanamuonepo. Chinatsala ndi kanyumba kozungulira kaja. Ndinaona maso awo akulondola kapoto kanga ka tiyi, kamene amayi anandipatsa pokwatiwa.

"Amake mwana, aka kapoto sikadontha?"

"Kanayamba liti kudontha? Imwe, musayese!"

Popita kumsika ndinayamba kukamangirira m'chitenge kumsana. Anzanga ogulitsa tomato ankafa nazo kuseka: "Ambuya, lelo mwapapa poto?"

Tsiku lina ndinawapeza abambo aja pakhonde akulimbana ndi chitini cha nsomba chokana kupindika, chala chili magazi chuchuchu. Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kambale kanga ka ndiwo ka maluwa ofiira.

"Tengani aka, koma kapoto muiwale."

Anakavundikira pangolo, kanakwana ndendende. Anafuna kukapaka utoto wakuda, ine ndinakana. Mzinga wawo umasuzumira pakati pa maluwa mpaka lero.