Kukagwira Phewa la Wakupha

Tinanyamuka ku mashaki kwathu, ku tinyumba ta malata tija, pafupi ndi Kommetjie, kukungocha kumene, ine ndi a Yusufu. Chinali chaka chija madzi anavuta mu Cape Town. A Yusufu ndi bambo wa ku Machinga, ali ndi mkazi ndi khanda, ndipo mwezi womwewo anaona ndi maso awo mnzawo Ali akubayidwa ndi mpeni mpaka kufa pampopi chifukwa cha foni. Pamzere wa madzi anthu analipo ambiri, koma apolisi atafika aliyense akuti anayang'ana kumbali. Anavomera kuchitira umboni ndi a Yusufu okha. Tsopano munthu anali atagwidwa, ndipo iwo ankafunika kukamuloza pakati pa anthu ena. Akapanda kumuloza, Lachisanu atuluka. Ine ndinapita ngati womasulira, poti Chingerezi cha a Yusufu chimathera pa "yes boss."

Wapolisi wofufuza mlanduwo, mayi wina wa mawu otopa, anali atalonjeza kudzatitenga pa galimoto. Dzulo lake anaimba kuti galimoto ndi imodzi, akulimbirana anthu ambiri, tidziyendere. Chimene chinawalimbitsa mtima a Yusufu n'choti ku polisi ya m'tauni, kumene anatiitanako, kuli chipinda cha galasi: iwe ukuona, koma amene ali mkati sakukuona.

Teksi ya ku Fish Hoek tinalipira teni randi aliyense. Mayi wina wachikhosa wa mumsewu mwathu anatiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Amalawi, mwatchenatu. Ulendo wa kuti?"

"Ku tchalitchi, mama," ndinayankha msanga.

Anayang'ana kachisoti ka Chisilamu pamutu pa a Yusufu, n'kungodabwa m'chinenero chawo, "Hayibo." A Yusufu anandiponda phazi mpaka tinatsika.

Sitima inanyamuka mochedwa, ndipo titadutsa Muizenberg inangoima patchire. Akuti waya wa magetsi aba. Aa, koma dziko ili! Tinakhala pamenepo pafupifupi ola, tikudya magwinya, mandasi a kuno aja, omwe mtsikana wina ankagulitsa thu randi. Mdala wina wa mano awiri, yemwe ankapita ku msika wa Epping, atamva ndikudandaula pa foni kuti tichedwa ku polisi, anandikoka jekete.

"Mboni ndi uyu?" anafunsa chapansipansi. "Mwana wanga anamuwombera masana, msewu wonse ukuona. Mboni inapezeka imodzi. Tinaika maliro awiri."

"Akuti chiyani mdalayu?" anafunsa a Yusufu.

"Akudandaula za sitima," ndinatero.

Tinafika ku polisi cha m'ma leveni, thukuta lili kamukamu. Mayi wofufuza uja anatuluka atanyamula mafayilo mpaka m'chibwano, n'kutikhazika pabenchi. Tinadikira. Tinadikiranso. Akuti akusonkhanitsa amuna ofanana msinkhu ndi wogwidwayo kuti aime naye pamzere, ndipo awiri anakawatola pa renki ya teksi.

Cha m'ma thu koloko mayiyo anabwera akukanda m'mutu. Chipinda cha galasi chija, akuti galasi linasweka chaka chatha, pano akusungiramo mipando yothyoka.

"Ndiye titani?" ndinafunsa.

"Tichitira pabwalo kuseri. Mnzanuyu adzayenda kutsogolo kwa amunawo, akamuona amugwire paphewa, tijambule chithunzi."

Ndinaona ngati sindinamve bwino. Kumugwira paphewa! Munthu woti abale ake timatunga nawo madzi pampopi umodzi! Ndinakalipa Chingerezi chonse chimene ndinaphunzira m'magadeni a azungu. Mayiyo sanakwiye n'komwe. Anati wakhala akulemba makalata opempha galasilo mpaka watopa, ndipo lero likadutsa alibenso chomusungira munthuyo.

Izi zokha ndinamasulira zonse, osabisa. A Yusufu anavula kachisoti kaja n'kuika m'thumba.

"Tafika kale, achimwene. Tiyeni."

Pabwalopo panaima amuna asanu ndi atatu, aliyense atagwira nambala pachifuwa. A Yusufu anayenda pang'onopang'ono, ine pambuyo. Pa nambala faifi anaima. Mnyamata wake wooneka bwinobwino, wometa mpala. Anangowayang'ana a Yusufu m'maso n'kumwetulira ngati waona mnzake wakalekale. Ndinaona dzanja la a Yusufu likukwera pang'ono, kenaka linalowa m'thumba la buluku.

"Palibepo," anatero.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi uja.

"Akuti palibe."

Anatseka fayilo osatiyang'ana. Ndikhulupirira anadziwa.

Pobwerera sitima inayenda bwinobwino, ngati ikutiseka. Ine mtima unali ukuwira, osati chifukwa cha a Yusufu ayi. Pa wailesi akuluakulu amakhalira kukambirana mmene angachepetsere kuphana mu mzinda uno, ena akuti abweretse asilikali, ena akuti makamera. Ine ndinaona munthu mmodzi wolimba mtima atadzilipirira yekha ulendo kuti akathandize boma, boma n'kulephera kumugulira galasi. Mawa apolisi omwewo adzaima pampopi n'kumadabwa kuti bwanji anthu a kuno saona kanthu.

Titayandikira Fish Hoek nyanja inali itachita bii. A Yusufu anatsegula pakamwa.

"Anali faifi uja."

"Ndinaona."

"Sindinamugwire. Koma wandiona, achimwene. Poyamba sankadziwa kuti mboni ndani."

Anatulutsa foni, n'kuyang'ana chithunzi cha khanda lawo.

"Mlamu wanu wa ku Hout Bay uja," anatero, "m'shaki mwake mungagone anthu atatu? Tisamuke lisanafike Lachisanu."