Tsiku Limene Weston Anakwera Kumbuyo

Ku Bwacha, komboni ya ku Kabwe, munthu akafuna kupita kumanda mwaulemu ankakwera lole ya Weston Chikopa. Ena amati ngakhale ofera ku Ndola ankapempha kuti awabweze kaye ku Kabwe kuti alaweko ulendo umenewo. Loleyo inali nkhalamba. Odziwa mbiri amalumbira kuti ndi yomwe inanyamula chigaza cha munthu wamakedzana chija chinakumbidwa mumgodi, ndipo chigazacho chinadandaula kuti achikweza motoka yakale. Utsi wake unkapha udzudzu kuyambira ku Bwacha mpaka ku Railways. Chiwongolero chake chinali chouma ngati mtima wa landilodi, moti pochikhotetsa pankafunika mapewa onse awiri, msana ndi pemphero.

Bambo ake a Weston anachokera ku Dedza ndi bulangete limodzi kudzakumba mtovu. Weston anabadwira konkuno, ndipo ku Malawi anangopitako kamodzi, n'kubwerako akudandaula kuti mapiri achuluka. Unyamata wake wonse anathera pa malole a kunjanji. Atapuma ntchito anabwera kunyumba akukoka lole imodzi imene inali itamera udzu m'matayala. Anaidzutsa pamodzi ndi mnzake wa paubwana, Febian Sakala, makaniko wa kunjanji komweko, Mkatolika amene makolo ake anachokera ku Katete. Awiriwo ankakangana za Papa, za mpira ndi za injini, ndipo palibe tsiku limene anagwirizana, kupatula kuti mawa adzakumanenso.

Luso la Weston linali kuyenda pang'onopang'ono. Kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda ankayenda giya wani basi, kuti amayi oyenda pansi kumbuyo aziimba osachita befu. Nkhuku inkatha kuikira dzira pakati pa msewu, kulifungatira, anapiye n'kuwoloka, tayala lisanafike. Pamaenje ankalowa ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi. Pamaliro a kuno, anamfedwa okhala kumbuyo ndi bokosi akaona kuti dalaivala wathamanga, amagogoda padenga la kutsogolo. Denga la Weston silinagogodedwepo. Anali wosauka pa zambiri, koma pa chimenechi ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Tsiku lina atayika maliro, awiriwo anatsamira lole n'kumaonerera motoka yamakono ya maliro ikutuluka kumanda ngati yaba mtembo.

"Anyamata awa amathamangira kuti?" anafunsa Febian. "Iwe Weston, ine usadzandipereke kwa amenewa. Udzandinyamule wekha, giya wani. Ndikufuna ndidzaone Bwacha yense bwinobwino."

"Nanga ndikatsogola ine?"

"Ndidzakukankha pa wilibala yanga. Ndiyo yokha imachedwa kuposa iwe."

Anaseka, n'kugwirana chanza. Zonena pafupi ndi manda sizikhala nthabwala nthawi yaitali.

Amene anayamba kudwala anali Weston. Anayamba kubanika akamakwera lole yakeyo, kenaka akamamanga nsapato. Anamutengera kuchipatala chachikulu ku Lusaka, kumene anamutsegula pachifuwa ngati bonati, kucheka fupa la pakati, kukonza mitsempha ya mtima, n'kumanga fupalo ndi waya. Pomutulutsa, dokotala anamupatsa malamulo pamaso pa mkazi wake Nellie, mayi amene amakumbukirabe zomwe mwamunayo analankhula molakwika tsiku la ukwati wawo. Asanyamule chinthu cholemera kuposa ketulo. Akafuna kutsokomola, akumbatire pilo. Ndipo asagwire chiwongolero mpaka fupa litalumikizana, mwina miyezi iwiri, chifukwa kukoka kungalilekanitse, ndipo akamanga buleki mwadzidzidzi chifuwa chidzamenya chitsulo.

"Adokotala, ine sindithamanga," anatero Weston. "Funsani aliyense ku Kabwe."

"Fupa silidziwa liwiro, bambo. Limadziwa kukoka."

Atafika kunyumba, Nellie anamangirira kiyi wa lole pamfundo ya chitenje chake. Kumeneko ngakhale asilikali a dziko lonse sakanafikako. Lole inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo Weston anakhala pakhonde atakumbatira pilo ngati mayi woyamwitsa. Maliro ankadutsa pamsewu ndi motoka za eni, fumbi kobo, amayi a kwaya akutsalira m'mbuyo nyimbo ili pakati. Iye ankangotembenuzira nkhope kukhoma.

Masana alionse Febian ankabwera ndi kiyi wachiwiri, amene ankasunga kuyambira kale, n'kuliza injini kuti batire isafe. Kenaka ankakhala pakhondepo.

"Akuika sipeya ya ku China kapena yeniyeni?"

"Usandiseketse, iwe. Waya angaduke."

"Akaduka ndibwera ndi wanga wa pampanda."

Mwezi usanathe, Febian anagwa chafufumimba akuthirira repu kuseri kwa nyumba yake. Pamene anamutembenuza anali atapita. Munthu amene sanamwepo ngakhale panado anadumpha mzere, kusiya wa chifuwa chosokedwa ali pakhonde.

Weston anapita kusiwa akuyenda ngati wasenza mazira, Nellie atamugwira mkono. Mkazi wa Febian, Norah, anali pamphasa pakati pa amayi. Atamuona anakwawa n'kumuika kanthu kozizira m'dzanja.

"Alamu, uyu anali m'thumba la thalauza. Ankanena nthawi zonse kuti mudzawanyamula ndinu."

Anali kiyi wachiwiri uja. Nellie anaona, koma panyumba ya maliro sipokanganirana.

Anakangana atafika kwawo.

"Bambo a Thandizo, bweretsani kiyiyo."

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza muli ndi chifuwa chimodzi. Pano muli ndi ziwiri zomangidwa ndi waya."

"Ndi giya wani chabe, amake mwana. Kuchokera kwa Akatolika kufika kumanda, ngakhale kamba amafika."

"Norah walira wake. Mukufuna ndikakhale pamphasa imodzi ndi iye?"

 Weston anaika kiyi m'thumba la shati, pamwamba penipeni pa chilonda, pamene Nellie sakanayerekeza kukoka.

M'mawa wa tsiku loyika maliro anavala jekete lake lakuda, limene linapita kumanda kambiri kuposa ansembe. Anakwera lole pang'onopang'ono, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Injini inalira pa kamodzi, popeza Febian anaisiya ili bwino. Nellie anaima pakhomo la khitchini, manja ali m'chitenje.

Kuti lole ituluke pansi pa mango n'kuloza kugeti, pankafunika kukhotetsa chiwongolero isanayambe kuyenda. Weston anachita zimenezi zaka zosawerengeka akuyimba mluzu. Anagwira ndi manja awiri, n'kukoka. Chiwongolero sichinasunthe. Anakokanso, ndi mapewa. Pakati pa chifuwa panamveka kanthu kakang'ono kakuti the, ndipo ululu unakwera mpaka m'nsagwada. Maso anachita mdima. Anasiya chiwongolero n'kudzikumbatira yekha, chifukwa pilo anali ataisiya pakhonde dala. Thukuta linatsikira m'kolala. Injini inkangolira, ndipo chiwongolero chinali pomwe chinali.

Chitseko chinatseguka. Anali Thandizo, mwana wawo woyamba, mphunzitsi wa ku Highridge, amene amayi ake anamuyimbira foni kusanache. Iye ali ndi kamotoka kake kopanda kilachi, koma kuyendetsa anaphunzira pa lole yomweyi, pabwalo la mpira, bambo ake akumukalipira mpaka akhwangwala kusamuka.

"Atate, sunthani."

"Ndinamulonjeza Febian."

"Ndikudziwa. Ndinakula ndikumva. Sunthani, mukhale apa pambali ndi pilo, muzindiuza."

Weston anayang'ana mpando wa pambaliwo nthawi yaitali. Moyo wake wonse sanakhalepo.

"Pamenepo ayi," anatero. "Ngati sindiyendetsa, ndikhala ndi Febian."

Nellie anabwera n'kumutsegula mabatani a shati. Chilonda chinali chotseka, magazi panalibe. Anamufunsa ngati akupuma bwino, iye anavomera ndi mutu. Anamupatsa pilo ija.

"Tikachoka kumanda tipita kuchipatala," anatero Nellie, ndipo sikunali kufunsa.

Misa itatha, ntchito inagwera ambuya. Kuno Abemba ndi anthu a kum'mawa, monga a ku Katete, ndi achimbuya: maliro a mtundu wina amayendetsa ndi mtundu winawo, uku akunyoza anamfedwa ndi kuwapaka ufa kumaso, ndipo palibe wololedwa kukwiya. Ana a ku Malawi nawonso amawerengedwa a kum'mawa, afune asafune. Mtsogoleri wa ambuya tsikulo anali Exildah, mayi wa Chibemba wogulitsa kapenta pamsika, amene pakamwa pake pamatha kusenda mbatata. Bokosi litakwera, anaona amuna anayi akunyamula Weston ali pampando wa pulasitiki kumukweza kumbuyo komweko.

"Ehe, kwezani onse awiri," anatero. "Tisavutike kubwerera mawa. Ba Weston, dzenje takumba lalikulu, mukwana. Ndinu anthu a kum'mawa, munazolowera kugawana mbewa imodzi."

Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera pamaliro. Exildah anakwera pa tayala n'kumupaka ufa pamphumi.

"Manje ba dalaivala, lelo mwakhala katundu?"

Masiku onse Weston ankamubwezera mpaka mayiyo kusowa chonena. Tsikulo anangomuyang'ana. Exildah anayang'ana pilo, anayang'ana dzanja limene linali litagona pabokosi, ndipo anatsika n'kukanyoza anthu ena.

Lole inanyamuka. Thandizo anaichotsa bwino, osagwedeza nkhata ngakhale imodzi. Norah ndi Nellie anakhala mbali ina ya bokosi, kwaya ikutsatira pansi. Weston ankaona Bwacha chammbuyo, zinthu zikumuthawa m'malo momudzera: msika, bawa imene Febian ankakana kuti amaidziwa, mabasi ang'onoang'ono atapatuka kupereka njira. Sankadziwa kuti kumbuyo kumagwedeza chotere. Bampu iliyonse imene kutsogolo inkangokhala ngati kutsokomola kwa mwana, kuno inkalowa m'mpando, kukwera msana n'kukaima pawaya. Zaka zonsezo amasiye ankagwedezeka chomwechi, n'kumamuthokoza pambuyo pake.

Atadutsa nyumba zomaliza, msewu unawongoka. Weston anamva injini ikusintha mawu. Thandizo anali atalowetsa giya thu. Sikunali kuthamanga, munthu wa njinga yakuphwa akanawapitirira. Koma amayi a kwaya anayamba kutalikira, nyimbo ikuduka pakati pa mawu, ndipo tayala litagwa m'dzenje bokosi linasuntha pang'ono pansi pa dzanja lake.

Anayang'ana denga. Utoto wake unali utasuluka ndi dzuwa, koma linali losalala, lopanda potuwa ndi nkhonya ngati madenga a anzake. Anayang'ana Norah, koma mayiyo anali ataweramira pansi. Palibe wina akanagogoda. Denga limenelo anthu a ku Bwacha ankaliopa ngati guwa.

Anachotsa dzanja pabokosi, n'kugogoda kawiri ndi chala chopinda.

Injini inabwerera ku giya wani. Kwaya inayandikira, nyimbo inalumikizana. Weston anabwezera dzanja pabokosi.

"Ndayesa, iwe," anatero motsitsa. "Ona Bwacha wakoyo."

Kuchipatala anamujambula n'kupeza kuti waya sanaduke, koma anamuwonjezera milungu ina yokhala pakhonde, pamodzi ndi mawu amene Nellie anawasunga kuti adzawagwiritse ntchito mpaka kubwera kwa Yesu. Nthawi inakwana, fupa linalumikizana, dokotala anati angathe kuyambanso ndi maulendo aafupi. Nellie anamasula mfundo ya chitenje n'kuika kiyi patebulo pambali pa tiyi. Weston anatenga kiyiyo n'kupachika pamsomali umodzi ndi wa Febian uja.

Sanayendetsenso. Anthu a maliro akabwera, amawauza kuti adikire Loweruka afunse Thandizo, ndipo ambiri sadikira. Masana palibe woliza injini, kotero batire imafa kawirikawiri, ndipo nkhuku zatenga mpando wa dalaivala ngati cholowa cha makolo awo. Tsiku lina Weston anatumiza uthenga kwa Norah kupempha wilibala ya mwamuna wake. Inabwera ndi tayala lakuphwa. Anaiimika pansi pa mango pambali pa lole, ndipo salola aliyense kutengera makala.

Thandizo amabwera Loweruka kudzayesa ngati injini ilira. Ulendo wina ataizimitsa, bambo ake anamuyitana pakhonde.

"Tsiku lija unalowetsa giya thu."

"Atate, mpaka liti nkhani imeneyi?"

"Ndikungokuuza. Ukadzandinyamula ine, kumbuyo sikudzakhala wogogoda. Udzamvere kwaya."

Thandizo anapukuta manja pa kansanza, n'kupachika kiyi pamsomali.