Mkonono umene ndinaubisa

Ukwati wathu utatsala tsiku limodzi, amayi a chigwirizano anandikhazika pamphasa n'kundilangiza kuti za kuchipinda saulula. Ndinavomera ndikuwomba m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewa amandinyansa.

Amuna anga anali mlimi wa fodya ku Kabudula, ine ndikuphunzitsa kupulaimale. Fodya atayamba kuwayanja ananenepa, khosi n'kukhala ngati la ng'ombe yokoka ngolo, anthu n'kumanditama kuti ndimadziwa kusamala mwamuna. Mkonono unabwera limodzi ndi thupilo. Sunali mkonono wamba ayi. Ankaliza, kuliza, kenaka zii. Chifuwa chinkakankha koma mpweya osalowa, mpaka adzidzimuke ngati munthu wotsamwidwa ndi fupa. Ine tulo ndinasiyana nato, ntchito yanga inali yowagwedeza. Kukacha ankadzuka mutu ukuwawa, atatopa kuposa mmene anagonera.

Masana ankasinza paliponse. M'chigafa choumitsiramo fodya ankagona ndi fodyayo m'manja. Kutchalitchi, pampando wa akulu a mpingo kutsogolo kwenikweni, mutu unkagwera pachifuwa ulaliki usanafike pakati. Anzawo ankangoseka kuti akuluwa amapemphera mozama.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza alamu anga, achemwali awo aakulu, tikusenda mtedza pakhonde. Anandiyang'ana ngati ndavula pamsika.

“Mwamuna wolima amaliza mkonono, mayi inu. Mukufuna azigona ngati khanda? Ndiye za kuchipinda mwayamba kuzitulutsa pabwalo, eti? Kodi simunalangizidwe?”

Eni ake nawo sankafuna kumva. “Ndikawauze chiyani adokotala, kuti ndimagona? Andiseke anamwino, ana obadwa dzulodzuloli? Kuchipatala amapita ndi odwala.”

Koma chondinyansa kwambiri ndi cha ine mwini. Mutu utawavuta kwa sabata yathunthu, anavomera kukwera minibasi kupita kuchipatala ku Namitete, ine n'kuwaperekeza. Adokotala anawayeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Kenaka anafunsa kuti, “Nanga usiku mumagona bwanji, bambo?”

“Tulo ndiye ndilibe nato vuto,” anatero amuna anga.

Adokotala anatembenukira kwa ine. Amuna anganso anandiyang'ana. Ine, mphunzitsi wathunthu, wokalipira ana a eni tsiku ndi tsiku kuti asamaname, ndinaweramitsa mutu n'kumakonza chitenje pamaondo.

“Amagona ndithu,” ndinatero.

Tinabwerera ndi mapiritsi. Anamwa masiku owerengeka, mutu utaleka anawasiya pawindo.

Nyengo yosankha fodya ya chaka chotsatira, anagwa m'chigafa dzuwa lili pamutu. Tinawapeza pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Tinabwerera kuchipatala chomwe chija, ulendo uno atagona m'galimoto. Usiku woyamba womwewo namwino anamva zimene ndinakhala ndikumva ndekha, ndipo kutacha anawauza adokotala. Iwo anandifotokozera kuti amenewa ndi matenda odziwika: munthu akagona kukhosi kumatsekeka, mtima n'kumavutika, magazi n'kumathamanga. Anati thandizo lake limapezeka munthu akafika msanga.

Matenda! Chinthu chimene tinkachiseka kutchalitchi, chimene ndinachibisa ngati chamanyazi. Akulu amati ukabisa matenda maliro adzaulula, koma pachilangizo paja mwambi umenewu palibe anautchula.

“Zinayamba liti zimenezi, mayi?” anafunsa adokotala.

“Papita zaka zisanu ndi ziwiri.”

Sanandikalipire, anangolemba. Amuna anga ankandiyang'ana pabedi, malovu akutsikira pachibwano, akuyesa kunena chinachake chimene mpaka lero sindinachimve. Alamu anga aja anali poteropo ndi basiketi ya zakudya. Anaika basiketiyo pansi n'kugwira pakamwa.

“Zaka zonsezi, mlamu, osanena? Akazi enanu mulibe chisoni.”

Ndinapukuta malovu aja ndi nsonga ya chitenje. Pajatu ine ndinalangizidwa bwino.