Ba Tate apukusa okha kachigayo ka khofi

Mwaswera bwanji nonse, imvani za lero!

Khofi wanjere uja anatumiza ba Malume tatopa kumusinja mumtondo. Ndiye ndinanyamuka ndi ba Tate ku Nangongwe kupita m'tauni kukaona tizigayo tapamanja, tosafuna malaiti.

Mushopu tinapeza tiwiri. Kena n'kamtengo, kokongola koma kolemera. Kena n'kachitsulo, kolowa bwinobwino m'chikwama.

Mwini shopu anathira njere m'kachitsuloko kuti ndiyese. Ba Tate anangoti, "Bweretsa kuno." Abale, anakagwira ndi dzanja lamanja, lomwe lija lakhala lofooka chichitireni sitiroko! Anapukusa pang'onopang'ono, thukuta kamukamu, mpaka njere zonse zinatha. Fungo linadzaza shopu yonse. Akuseka, ba Tate amvekere, "Manje ndikapita ku Chipata, mlongo wanga ndikamugayira ndekha." Ine misozi mbwembwembwe.

Koma mtima wawo uli pa kamtengo, akuti kakufanana ndi kamene malemu ba Mama anali nako kale. Chonsecho kopepuka m'dzanja lawo komanso paulendo n'kachitsulo. Mwini shopu watisungira tonse tiwiri mpaka mawa.

Ba Sisi Agness, ba Joseph, titenge kati?